Mtovu ndi Chiwindi cha Mwana

Amayi, pamene tikuyembekeza kuti ana akwere sikelo, tiyeni tikambirane za mtovu. Ichi ndi chitsulo chofewa koma cholemera, chija chimapezeka m'kati mwa batire ya galimoto. Umapezekanso mu utoto wina wopaka zitseko ndi mazenera, ndiponso m'miphika ina yopangidwa posungunula zitsulo zakale. Utoto ukamasupuka, kapena batire ikaphwanyidwa pabwalo, fumbi lake limasakanikirana ndi dothi. Mwana wokwawa sasankha. Chimene wagwira chimapita kukamwa.

Zimene mwana wameza zikachoka m'matumbo, magazi amayamba azifikitsa kuchiwindi, pakuti ntchito ya chiwindi ndiyo kusefa zoipa zisanafalikire m'thupi. Koma mtovu chiwindi sichingathe kuuphwanya monga chichitira ndi mankhwala ena. Wina umatuluka pamodzi ndi ndulu, wina umatsalira momwemo, wina umapita ku impso, ku ubongo ndi m'mafupa, m'mene umakhala zaka zambiri. Mwana akamaumeza pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, minofu ya chiwindi imatupa ndi kufooka, ndipo mphamvu yake yosefa imachepa. Chovuta n'chakuti chiwindi sichidandaula msanga. Mwana amangooneka wotumbuluka chifukwa cha kuchepa magazi, wosafuna kudya, wodzimbidwa, wochedwa kulankhula, ife n'kumati ndi njoka za m'mimba.

Thupi la mwana limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka akakhala ndi njala. Ndipo ukalowa m'dothi suola. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zoposa 20 madokotala anapezabe mtovu wochuluka m'magazi a ana a kumeneko.

Choncho musalole kuti batire iphwanyidwe kapena kusungunulidwa pakhomo, ngakhale abambo atanena kuti akufuna zolemeretsa ukonde. Wazani madzi pansi musanasese, ndipo mwana muzimsambitsa m'manja ndi sopo asanadye. M'phala lake muziikamo usipa wosinja ndi masamba monga bonongwe, pakuti zakudya zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi zimachepetsa mtovu umene matumbo amayamwa.

Inu oyembekezera, dziwani kuti mtovu wobisala m'mafupa anu umabwerera m'magazi pa nthawi ya pakati, n'kufika kwa mwana asanabadwe. Ngati wina kwanu amagwira ntchito yokonza mabatire kapena yosungunula zitsulo, azivula zovala zantchito asanalowe m'nyumba, ndipo muwauze anamwino lero lomwe popereka khadi ya mwana.