AMITHENGA A M'CIFU: Mau Olankhulidwa kwa Aphunzitsi pa Chawama



M'phunziro la Zaumoyo timauza ana kuti cifu cigaya cakudya ndi madzi owawasa, ndiwo asidi. Koma mwana wanzeru akafunsa kuti, "Nanga cifu cidziwa bwanji kuti nsima yafika?" tiyenera kukhala nalo yankho loona.

M'caka ca 1905, John Edkins wa ku London anati m'cifu muli mthenga woyenda m'mwazi, namucha gastrin. Ambiri anakaika kufikira 1964, pamene Gregory ndi Tracy a ku Liverpool anampatula mthengayo. Amithenga otere achedwa mahomoni, ndipo mau ao amveka pokhapo pali kolandirira, receptor m'Cingerezi, kokhala pa khungu la selo monga loko wolola kiyi wace yekha.

Nchito yace iyenda motere. Nyemba kapena kapenta zikayamba kugayika, tizidutswa tace tikhudza zolandirira za maselo a G kumunsi kwa cifu, ndipo iwo atulutsa gastrin. Gastrin afika pa maselo ena nawauza kuti atulutse histamine. Histamine nayenso akhala pa kolandirira kochedwa H2, pa maselo opanga asidi, ndipo asidi ayamba kutuluka. Asidi akacuruka, maselo a D atulutsa somatostatin, amene aletsa maselo a G. Motero cifu cidzilamulira cokha, pakuti ciri naye woyambitsa ndi woletsa yemwe.

Nzeru imeneyi inabala mankhwala. James Black ndi anzace anaonetsa kolandirira ka H2 m'1972, ndipo m'1976 kunaturuka cimetidine, wotseka loko ameneyu kuti histamine asalowepo. Omeprazole, amene tiona m'zipatala zathu, aimitsa kapampu kotulutsa asidi.

Tsono pali mdani. M'1982, Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anapeza kaciromboko kochedwa Helicobacter pylori. Kakakhazikika kumunsi kwa cifu kafoketsa woletsa uja. Gastrin acuruka, asidi apyola muyeso, ndipo zironda zibuka. Kalowa m'thupi kawirikawiri pa ubwana, makamaka kumene anthu akhala mothithikana ndipo madzi abwino asowa. Kafukufuku wofalitsidwa m'2001 anapeza zizindikiro zace m'mwazi wa akulu 81 mwa 100 alionse amene anayesedwa muno m'Lusaka. Si onse adwala, koma amene kawapatsa zironda sacira msanga ndi soda. Afunika mankhwala opha kaciromboko pamodzi ndi ocepetsa asidi.

Cifukwa cace ndikupemphani zitatu. Coyamba, phunzitsani ana kusamba m'manja ndi sopo asanadye, ndi kumwa madzi owiritsa. Caciwiri, cenjezani makolo kuti aspirin ndi brufen ogula pa kantemba afoketsa cikuto coteteza cifu, ndipo wodwala zironda asamwe popanda mau a dokotala. Cacitatu, munthu akasanza mwazi, kapena cimbudzi cace cikada bii ngati phula la mseu, apite ku cipatala tsiku lomwelo. A kuno ali naco cipatala ca Chawama, ndi ca U.T.H. cosakhala patali.

Mukabwerera ku sukulu zanu, jambulani pa bolodi maselo atatu, G, D ndi wopanga asidi, ndipo ana atatu asewere ngati amithenga. Cimene mwana wacita ndi miyendo yace sadzaiwala msanga, ndipo adzakacifotokoza kwa amace madzulo.