Tchesi: Luso Likaima, Thabwa Musalitaye

 Madzulo ano ndifuna kuti ticheze za masewera a tchesi. Koma ndiyambe ndi kuulula kuti amene akulankhula nanuyu si katswiri ayi. Chikho sindinachigwirepo, ndipo dzina langa simudzalipeza pa mndandanda wa opambana. Ndine mmodzi wa anthu ambiri amene anaphunzira masewerawa atakula kale, nathamanga bwino miyezi yoyamba, kenaka n'kutitimira ngati galimoto m'matope a Januwale. Nkhani yanga ndi ya anthu otere.

Kwa inu amene simunaionepo, tchesi amasewera anthu awiri pa thabwa la zipinda 64, zoyera ndi zakuda motsatizana. Aliyense amayamba ndi zida 16: mfumu, mfumukazi, nsanja ziwiri, abishopu awiri, akavalo awiri ndi asirikali 8. Cholinga si kudya zida zonse za mnzako monga pa drafuti, koma kupanikiza mfumu yake mpaka isowe kothawira. Masewerawa anayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, kumene ankawatcha chaturanga. Kuchokera kumeneko anafika ku Persia, ndipo Aluya anawatenga mpaka ku Spain. Mfumukazi imene lero ndi chida champhamvu koposa inali yofooka masiku amenewo, yoyenda chipinda chimodzi chokha mopingasa. Mphamvu zake za lero inazilandira ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Bungwe loyang'anira tchesi pa dziko lonse, FIDE, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924.

Ine ndinayamba kuona tchesi ndiri ku koleji ya aphunzitsi, kwa mnzanga wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Ndinangophunzira mayendedwe a zida, basi. Zaka zitatu zapitazo ndinagula thabwa langalanga ndi kuyamba kusewera mwakhama, madzulo ndi anzanga, usiku pa foni ndi anthu osawadziwa. Miyezi yoyamba inali yokoma zedi. Sabata iriyonse ndinkatola chinthu chatsopano. Ndinaphunzira msampha uja wogwira mfumu poyenda kanayi kokha, pamene mfumukazi ndi bishopu zimalimbana ndi msirikali mmodzi amene alibe womteteza wina koma mfumu yake. Ndinakola nawo anthu angapo, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Chiwerengero chimene foni imapatsa wosewera aliyense chinkakwera mwezi ndi mwezi.

Kenaka chinaima. Chaka chathunthu chinatha, ine ndikusewera usiku uliwonse, koma chiwerengero chija chimangokwera pang'ono Lolemba ndi kutsikanso Lachinayi. Msampha wanga unaleka kugwira, pakuti aliyense wodziwako amangoutchinga ndi msirikali mmodzi, mfumukazi n'kuyamba kuthawathawa pamene mnzako akutulutsa zida zake.

Chimene chinandipweteka koposa si chiwerengero. Pa tchuthi china kunabwera mwana wa mlongo wanga, wa zaka 12, ndipo ndinamphunzitsa tchesi ine mwini. Patapita miyezi yowerengeka anadzakhala nafe kuti aziphunzira sukulu m'tauni. Tsiku lina Lamulungu, pamaso pa mkazi wanga ndi alendo awiri, mnyamatayo anandigonjetsa katatu motsatizana. Atatha anafunsa mwaulemu wake wonse, “Amalume, tiyambirenso kapena mwatopa?” Ndinayankha kuti ndatopa. Usiku womwewo thabwa ndinaliika pamwamba pa kabati, ndipo linakhala pamenepo miyezi iwiri. Mwanayo akandipempha, ndinkati ntchito yandichulukira. Ndinadzidzimuka tsiku limene mlongo wanga anandiimbira lamya nati, “Achimwene, mwanayu akuti munamkwiyira. Kodi analakwanji?” Sanalakwe kanthu. Anangochita bwino chimene ndinamphunzitsa, ndipo ine ndinamlanga pomlanda mnzake wosewera naye. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una, ndipo ine ndinatsala pang'ono kufera komweko.

Pamenepo ndinayamba kufunsa kuti kodi luso limaimiranji. Ndapeza zifukwa zitatu.

Choyamba ndi chakuti zophunzira zoyamba ndi zotsika mtengo. Kudziwa malamulo, kutulutsa akavalo ndi abishopu msanga, kubisa mfumu pangodya, zonsezi munthu amazigwira m'masabata ochepa ndipo phindu lake limaoneka pompo. Chotsala pambuyo pake ndi diso, ndipo diso limakula mochedwa. Katswiri wina wa maphunziro a maganizo wa ku Netherlands, Adriaan de Groot, amenenso anali wosewera tchesi waluso, anasindikiza zofufuza zake mu 1946. Anapeza kuti akatswiri aakulu sankawerengera patsogolo kutali kwenikweni kuposa osewera ena abwino. Kusiyana kwake kunali kwakuti iwo ankaona msanga mayendedwe oyenera kuwaganizira. Akawaonetsa thabwa kwa masekondi ochepa n'kulichotsa, ankabwezera pafupifupi chida chirichonse pamalo pake. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon ku America anayesanso zimenezi, koma anawonjezapo matabwa a zida zongomwaza mwachisawawa. Pa matabwa amenewo ukatswiri uja unatsala pang'ono kutheratu. Tsono katswiri sakumbukira chida chimodzichimodzi. Amakumbukira magulu a zida amene anawaonapo kambirimbiri.

Amene tinagwirapo choko tikuzidziwa bwino zimenezi. Mwana wa Sitandade 1 amaloweza a, e, i, o, u m'masiku ochepa, makolo n'kumakondwa. Kenaka amakhala miyezi yambiri akudodoma, chala pa tsamba, kuphatikiza ba ndi mbo, ndipo kunyumba amaganiza kuti mwana waima. Sanaime. Tsiku lina amangoona mawu onse nthawi imodzi nati “bambo”, osawerenganso zilembo. Wophunzira tchesi amene luso lake laima ali pa miyezi ya chala pa tsamba imeneyi.

Chifukwa chachiwiri ndi chiwerengero chomwecho. Njira yoyezera mphamvu za osewera anaikonza Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary amene ankakhala ku America, ndipo FIDE inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Chiwerengerochi sichiyeza zimene ukudziwa. Chimayeza mmene ukuchitira polimbana ndi ena. Ukaposa mnzako ndi mapointi 200, umayembekezeka kutenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mapointi mukamasewera. Tsono foni imakusankhira anthu ofanana nawe mphamvu. Ukakwera, imakupatsa olimba. Ukatsika, imakupatsa ofewa. Kotero kaya ndiwe woyamba kumene kaya ndiwe waluso ndithu, pafupifupi theka la masewera ako udzagonja. Munthu amene wakhazika chimwemwe chake pa kupambana kokha wadzikonzera yekha chisoni cha tsiku lirilonse lachiwiri.

Chachitatu ndi changa cha ine mwini. Ndinkasewera masewera a mphindi zitatu, khumi kapena kuposa usiku umodzi, ndipo ndikagonja ndinkayamba ena pomwepo ndi mtima wofuna kubwezera. Ndinkati ndikuphunzira, pamene ndinkangobwereza zolakwa zomwezo mofulumira. Mmisiri amene amakhoma msomali mopotoka tsiku ndi tsiku sawongoka dzanja chifukwa chochulukitsa misomali.

Nanga ndinachitapo chiyani? Ndinagula kope la ana a sukulu ndi kuyamba kulemba sewero lirilonse limene ndasewera pa thabwa. Kalembedwe kake n'kosavuta: mizere yoimirira ili ndi zilembo a mpaka h, yogona ili ndi manambala 1 mpaka 8, kotero chipinda chirichonse chiri ndi dzina lake. Sewero likatha, makamaka limene ndagonja, ndimaliyalanso pa thabwa ndi kufunafuna malo amene zinthu zinapotokera. Zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi ndi kunditonthoza nthawi imodzi. Sindinkagonja chifukwa chosadziwa nzeru zakuya za akatswiri. Kawirikawiri ndinkangosiya chida chopanda mlonda, kapena kulola kavalo wa mnzanga kulumphira pa chipinda chimene akuopsezapo mfumu ndi nsanja nthawi imodzi, kapena kusiya mfumu yotsekeredwa kumbuyo kwa asirikali ake atatu, nsanja ya mnzanga n'kutsikira ku mzere womaliza, nkhani n'kuthera pomwepo. Msirikali timamwerengera pointi imodzi, kavalo ndi bishopu atatu aliyense, nsanja asanu, mfumukazi 9. Wotaya kavalo chabe wataya asirikali atatu osaombera ndi chipolopolo chimodzi chomwe.

Mankhwala ake ndi funso limodzi, lofunsa dzanja lisanakhudze chida: kodi mnzangayu, poyenda mmene wayenderamu, akufuna chiyani? Woyamba kumene amangoona zolinga zake, ngati kuti kutsidya kwa thabwa kulibe munthu. Ine ndinafika pokhalira manja anga enieni kuti asathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso ndinaleka kuloweza mayambidwe a masewera ndi kuyamba kuphunzira mathero ake. José Raúl Capablanca wa ku Cuba, amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, ankalangiza ophunzira kuti ayambire kumathero, pamene pa thabwa patsala zida zochepa ndipo mphamvu ya chirichonse imaoneka poyera. Yesani izi kunyumba. Ikani mfumu ndi nsanja mbali imodzi, mfumu yokha mbali inayo, ndipo phunzirani kuikankhira mfumu yokhayo kumphepete kwa thabwa pang'onopang'ono mpaka muigwire. Kenaka ikani mafumu awiri ndi msirikali mmodzi. Mudzaona kuti mafumu akayang'anizana, pakati pawo patatsala chipinda chimodzi, imene ili ndi nthawi yoyenda ndi imene imapatuka. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamagamula ngati msirikali afike kumapeto ndi kusanduka mfumukazi, kapena ngati mungolepherana. Chenjeraninso ndi lamulo lakuti mfumu ikasowa poyenda koma isakuopsezedwa, ndipo mwini wake alibe chida china choyendetsa, palibe wopambana. Ambiri a ife tataya chipambano chotero tiri ndi mfumukazi m'manja.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti chiwerengero changa chinakwera kwambiri. Chinakwera pang'ono chabe, ndipo chinaimanso. Chimene chinasintha ndi chimene ndimafuna pa thabwa. Kuno kwathu tiri ndi bawo, la maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo ndani sanaonepo madoda pansi pa mtengo wa mango atawerama pa bawo kuyambira dzuwa liri paliwombo mpaka kupendeka? Ena a iwo akhala akusewera zaka makumi anayi. Palibe amene amawalembera chiwerengero, ndipo sindinamvepo mmodzi wa iwo akuti aleka bawo chifukwa chaka chino akusewera monga ankasewerera chaka chatha. Amabwera chifukwa cha kutakata komweko, nthabwala, ndi kukoma kwa kuwerengera mumtima kumene nkhomo yomaliza ikagwere.

Pamwamba penipeni amafikapo ochepa. Amon Simutowe wa ku Zambia analandira udindo wa grandmaster mu 2009, woyamba wa maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo tiyenera kumnyadira. Koma kumbukirani kuti mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse pa nthawiyo, ndipo lero ngakhale foni ya m'thumba ingathe kusewera kuposa munthu wina aliyense wamoyo. Chikhala kuti phindu la tchesi ndi kuposa onse, bwenzi anthu ataleka kalekale. Sanaleke, pakuti phindu lake liri pena: ola limodzi la chete pamene ngongole ndi nkhawa za kuntchito zimayamba zadikira panja, chimwemwe choona msampha usanaupondemo, ndiponso munthu wokhala kutsidya kwa thabwa.

Thabwa lija ndinalitsitsa pa kabati. Ndinamuitana mnyamatayo ndi kumuuza zoona, kuti sindinatope tsiku lija koma ndinachita manyazi. Anangoseka, nayamba kuyala zida. Mpaka lero amandigonjetsa kawirikawiri kuposa mmene ine ndimamgonjetsera. Koma tikatha timatsegula kope lija ndi kubwereza sewero lonse, iye n'kuloza ndi chala nati, “Apa amalume munathamanga.” Ndipo kawirikawiri amanena zoona. Ndinaphunzitsidwa uphunzitsi zaka ziwiri, koma phunziro lakuti kuposedwa ndi wophunzira wako ndi malipiro a mphunzitsi ndinalipeza pa mphasa ya pakhonde panga.

Tsono inu amene thabwa lanu liri pamwamba pa kabati, kapena pansi pa bedi, litsitseni sabata ino. Pezani mnzanu, sewerani sewero limodzi lokha mosafulumira, lilembeni, ndipo mukagonja mufunse amene wakugonjetsaniyo kuti akuonetseni pamene munaphonya, ngakhale akhale mwana wa zaka 12.