Mtengo wa ufa umayambira kumunda



Ndani chaka chino watumiza ndalama kumudzi yoti amayi awonjezere pogula feteleza? Kwezani manja. Mwaonatu! Ndiye tisamanene kuti za ulimi n'za akumudzi. Ife a m'tauni tikulipira kawiri: potumiza ya feteleza, kenako pogula ufa wodula pamsika.

Feteleza timagula kunja ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba linakweranso. Mu 2024 mvula inadula, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Munda wa chimanga chokhachokha ukauma, banja limatsala manja lende.

N'chifukwa chake ndabwera ndi nkhani ya agroecology, ulimi woyenda limodzi ndi chilengedwe. Dzinali lisakuopseni, zambiri agogo athu ankazichita kale.

Choyamba, dyetsani nthaka. Mapesi si otentha, ndi ophimbira munda kuti chinyontho chisathawe. Mizu ya nandolo, mtedza ndi khobwe ili ndi timatuza tomwe timasunga nayitrojeni wochokera mumpweya, yemwe uja timamugula m'thumba la Urea. Mtengo wa msangu nawo umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kupeza manyowa popanda kuphimbidwa ndi mthunzi.

Chachiwiri, kulima kasakaniza. Chimanga, maungu, nyemba, nandolo m'munda umodzi. Nandolo ali ndi mizu yozama, amapirira ng'amba. China chikakana, china chimakupulumutsani.

Chachitatu, mbewu. Ya haibulidi imafuna kugula chaka ndi chaka. Yamakolo mayi amasankha yekha, kusunga, n'kugawirako mnzake.

Chachinayi ndiye chathu kwambiri: ndani ali ndi mawu pa zokolola? Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000, chipatala chitaona kuchuluka kwa ana onyentchera. Alimi anayamba kudzala mtedza ndi nandolo pamodzi, nthaka n'kuyamba kubwerera. Koma anaona kuti mbewu pazokha sizikwanira. Bambo akagulitsa mtedza wonse mayi asanatapeko wa phala, mwana amakhalabe wonyentchera. Ndiye anayamba kukhala ndi masiku ophika pamodzi, abambo ndi agogo omwe, n'kumakambirana za kugawana ntchito ndi ndalama. Ana a mabanja omwe anapitiriza kwa zaka anayamba kukula bwino.

Ndisakunamizeni, ulimi umenewu ndi wa thukuta. Manyowa amafuna kututa, kompositi amafuna kutembenuza. Zonsezi zikagwera mayi yekha, amene akutunganso madzi ndi kubereka mwana kumsana, ndiye kuti tangomuwonjezera mtolo.

Nanga ife titani? Potumiza ndalama, funsani ngati ya mbewu ya mtedza kapena nandolo ilipo, ndipo itumizeni pafoni ya amayi eniake. Pamsika gulani chisoso, bonongwe, mawere ndi mbatata, osamunenerera mayi wogulitsa mpaka atsale wopanda phindu. Pakhomo pa lendi, thumba lakale la simenti, dothi ndi makoko a masamba oola n'zokwanira kudzalamo mpiru.

Ndipo mukapita kumudzi pa Khirisimasi, khalani pansi ndi agogo, muwafunse mbewu zomwe ankasunga. Zina zikadalipo m'nsupa ndi m'mabotolo kuseri kwa chitseko. Tengankoni pang'ono.