GALU AKALIRA, KUMWAMBA KUMAMVA

 Amayi amene mukusenda mtedza pakhondepo, pitirizani, koma khutu likhale kuno.

Lero ndilalikira za galu. Eya, mwamva bwino, za galu. Wina wayamba kale kuseka kuti abusa mauthenga awathera. Musatseke wailesi, m'bale wanga. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Tsegulani nane Genesis 49, ndime 5 mpaka 7. Yakobo wakalamba, ali pamphasa, imfa yayandikira, waitana ana ake kuti awauze mawu otsiriza. Atafika pa Simeoni ndi Levi, m'malo mwa dalitso anatemberera mkwiyo wawo. Milandu anaitchula iwiri. Woyamba, anapha anthu atapsa mtima. Wachiwiri, anapundula ng'ombe, kuzidula mitsempha ya miyendo, mwa kufuna kwawo chabe. Tamvetsani apo. Nkhalamba ija inaika mwazi wa anthu ndi kupundula ng'ombe m'mpweya umodzi. Chifukwa chiyani? Chifukwa dzanja ndi lomwelo, mtima ndi womwewo. Wina anene Ameni.

Ndisanaloze munthu chala, ndiyambe ndaulula zanga. Ine ndinakulira kubusa, kudambo, konkuno kwa Mlonyeni. Ndinali ndi galu wanga dzina lake Bingo. Ndikamadya chimanga chootcha, iye amadya nane. Tsiku lina njoka inali pa njira, anaiona ndi iyeyo ine ndisanaiponde. Koma anyamata a mudzi wa kutsidya anali ndi galu wawo wamkulu, ndiye tinapangana kuti tione mwamuna ndani. Tinabetcha mbewa zowamba. Mbewa, abale anga! Tinapanga bwalo, tinawakokera pakati, tinayamba kukuwa. Bingo sanafune ndewu. Anabwerera kudzabisala pa miyendo yanga, mchira uli pansi. Ine ndinamukankha ndi phazi kumubwezera pakati. Anang'ambidwa pakhosi ndi pamimba. Anakhala masiku atatu kuseri kwa nkhokwe, ntchentche zili ng'waa, osadya. Ndikafika pafupi ankagwedezabe mchira. Tsiku lachinayi ndinamukwirira ndekha pa chulu.

Agogo anga aakazi sanandimenye. Anangoti, “Mwana iwe, chimene wapha si galu yekha ayi.” Mawu amenewo ndinadzawamva bwino nditakwatira, ndisanatembenuke mtima, tsiku limene ndinakwezera mayi a kunyumba dzanja, iwo akulira, ine mumtima muli zii. Mtima umenewo ndinauphunzitsa ndekha kudambo kuja. Yesu yekha ndiye anauswa. Aleluya!

Nanga n'chifukwa chiyani ndayamba kukumba zakale? Mwezi wathawu ndikuchokera kokaona wodwala, ndinamva phokoso kuseri kwa chigayo china. Ndinkayesa mpira. Nditafika ndinapeza anyamata oposa khumi, ena a sukulu yunifomu ili m'thupi, azungulira agalu awiri. Wina wagwira ndalama za kubetcha, wina akujambula pa foni kuti atumize pa WhatsApp. Panali ndi kamwana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kakuwomba m'manja. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mmodzi wa anyamatawo ndimamuona Lamulungu akuimba m'kwaya.

Wina ati, abusa, amenewo ndi masewera a ana. Ndikuuzeni kumene masewerawa amakathera. Ana athu ambiri ali ku Joni, akafunseni. Kumeneko kumenyanitsa agalu ndi bizinesi ya mumdima, ya ndalama zambiri. Amaweta agalu a mtundu wa pit bull, amawadula makutu kuti mnzawo asapeze pogwira, amawamanga pa unyolo wolemera, amawamana chakudya, amawaponyera tiagalu ndi amphaka akuba kuti aphunzirirepo kuluma. Galu akagonja amamupha kapena kumutaya ali ndi mabala. Mu November 2013, bungwe loteteza nyama la NSPCA pamodzi ndi apolisi anatulukira pa nyumba ina ku Tsakane, kum'mawa kwa Johannesburg, ndewu ili mkati. Anagwira anthu 18, napulumutsa agalu 14. Lamulo la dziko limenelo silisiya ngakhale wongoonerera. Ku America nako, mu 2007, katswiri wa masewera wotchuka, Michael Vick, munthu wa mamiliyoni a madola, anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 23 chifukwa cha nkhani yomweyi. Ndalama anali nazo, dzina anali nalo, koma mtima unali ndi njala ya mwazi.

Ndipo musaganize kuti kwathu kuno kulibe lamulo. Malawi ali ndi lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, limene limaletsa kuzunza nyama ndi kuzimenyanitsa. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, ntchito yake ndi yomweyi. Koma ine sindinabwere kudzakuopsezani ndi apolisi. Lamulo la boma lisanalembedwe, Mulungu anali atalankhula kale.

Pa Miyambo 12, ndime 10, tikuphunzira kuti munthu wolungama amadziwika ndi mmene amasamalira chiweto chake, pamene woipa ngakhale chifundo chake chimaluma. Pa Eksodo 23, ndime 12, Mulungu popereka tsiku lopuma anawerengera ng'ombe ndi bulu. Inu a ngolo, mwamva? Ng'ombe yanyamula matumba a soya kuyambira m'mamawa, khosi lanyuka, inu mkwapulo uli m'manja. Pa Numeri 22, Balamu, mneneri ndithu, anamenya bulu wake katatu. Mngelo wa Ambuye atamuonekera, funso loyamba linali la bulu uja: unam'menyeranji? Ndipo anamuuza kuti pakadapanda buluyo kupatuka, bwenzi atafa ndi iyeyo. Bulu anaona zimene mneneri sanaone. Pa Yona 4, ndime 11, Mulungu pochitira chifundo Nineve anatchula anthu, natchulanso ziweto. Pa Luka 16, Lazaro ali pa chipata cha munthu wachuma, anthu akumulambalala, amene anabwera pa zilonda zake anali agalu. Abale anga, Mulungu amene amawerenga mpheta, kodi sanamve kulira kwa kuseri kwa chigayo kuja?

Tsono ndilankhule ndi makolo. M'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira kuseka chamoyo chikulira, mawa adzaseka mkazi wake akulira. Mawa adzakhala patsogolo pamene gulu lagwira munthu pa msika n'kumakuwa kuti awotchedwe. Ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Ana amaonera ife. Ndi ife timaponya galu sikono ya moto chifukwa wanunkhiza m'phika, pamene sitinamupatse kanthu masiku awiri. Ndi ife timadyetsa kagalu mavu ndi chamba kuti kaluse. Kakalusa kamaluma ndani? Kamayamba ndi mdzukulu wanu yemwe. Ndi ife timatsina nyama poizoni kupha agalu a mnzathu chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Lamulungu timakweza manja omwewo kutamanda. Ambuye atichitire chifundo!

Palinso chiwewe. Agalu akalumana, malovu alowa m'bala, matenda adutsa. Galuyo abwerera kunyumba kukasewera ndi ana. Chiwewe chikangoonekera pa munthu, sichibwerera. Alangizi a ziweto akalengeza katemera, tengani galu wanu mupite naye. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matenda amenewa. Galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Tipemphera, eya, koma tipemphera tili pa njinga.

Ndiye tichite chiyani? Ukapeza bwalo lotere, usaime kuonerera, pakuti ndewu ya agalu imadya maso a anthu. Popanda oonerera imafa yokha. Ukalandira kanema wake pa foni, fufuta, usatumize. Auzeni anyakwawa, auzeni achitetezo cha m'mudzi, zikakula auzeni apolisi. Inu mafumu athu, ndi ulemu wonse, nkhaniyi itchuleni pa bwalo. Inu atsogoleri a achinyamata, anyamatawa akusowa chochita. Apatseni mpira, apatseni dimba. Ndipo ngati sungathe kudyetsa galu, usawete.

Nditsirize ndi uthenga wabwino. Agalu a Michael Vick aja, ambiri ankati aphedwe basi, sangasinthe. Koma anthu ena anawatenga, kuwadyetsa, kuwaleza, ndipo ambiri a iwo anakakhala m'makomo mwa anthu mwamtendere. Ngati galu wophunzitsidwa kupha angathe kufatsa chifukwa cha chikondi cha munthu, nanga iwe ndi mwazi wa Yesu? Mnyamata wa kwaya uja anabwera kunyumba kwanga sabata yatha. Tinagwada limodzi. Galu wake tikumutsuka mabala.

Ika dzanja pachifuwa, tipemphere. Atate, tikhululukireni nkhanza zimene tachitira zolengedwa zanu zosatha kudzinenera. Chotsani mwa ife mtima wa Simeoni ndi Levi. Ndikudzudzula mzimu wa nkhanza ndi wa juga pa ana a kwa Mlonyeni, ndikuti uchoke m'dzina la Yesu! M'makomo mwathu mukhale mtendere, kuyambira kuchipinda mpaka ku khola. Ameni.

Musanagone usiku uno, tulukani panja, muone ngati m'mbale ya galu wanu muli madzi. Ambuye akudalitseni, tidzakumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi.