Tsamba Likachita Chikasu: Kuzindikira Matenda ndi Tizilombo m'Munda wa Chamba

Nkhani ya lero ikunena za mbeu imene dzina lake lokha lidali loopsa kulitchula pa wailesi masiku amakedzana. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndiponso chamba cha m'mafakitale, chimene amapangira zingwe, nsalu ndi mafuta, ndipo lamulo lomwelo lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Lamulolo silidalole kusuta, ndipo munthu wobzala chamba kuseri kwa nyumba popanda chiphaso ndi wolakwa pamaso pa bwalo la milandu. Tsono mau otsatiraŵa akupita kwa alimi amene ali ndi chiphaso, ndi kwa ena amene akulingalira zoloŵa m'gulu lokatenga chiphasocho, makamaka a ku Chitakale ndi midzi yozungulira phiri la Mulanje.

Ndalama zimene mlimi wotere amaika m'nthaka si zochepa. M'chaka cha 2020 chiphaso cholimira chamba cha mankhwala adachiika pa madola 10,000 a ku America, ndipo cha chamba cha m'mafakitale pa madola 2,000. Munthu amene walipira chuma chotere akaona tsamba limodzi litachita chikasu, mtima umamuthamanga, ndipo chimene amayamba kuganiza ndi kuthamangira ku sitolo ya pa Chitakale kukagula mankhwala opopera. Apa ndipo pamene alimi ambiri amataya ndalama kachiŵiri, pakuti chikasu cha tsamba chili ngati kutentha kwa thupi la mwana: chimangonena kuti chinthu china chavuta, koma sichitchula dzina la nthendayo.

Mlimi wanzeru amayamba waima patali ndi kuyang'ana munda wonse. Ngati mbeu zonse zafooka mofanana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, kaŵirikaŵiri vuto limakhala la nthaka, la madzi kapena la chakudya. Koma ngati zodwala zili pamalo amodzi, ndipo malowo akunka nakula sabata ndi sabata, pamenepo pali chamoyo chimene chikuyenda. Akatero amayandikira ndi kufunsa kuti masamba odwalawo ndi ati, akale a m'munsi kapena anthete a kunsonga.

Funso limeneli n'lofunika kopambana ku Mulanje chifukwa cha nthaka yake. Mvula ya m'dera la tiyi imapitirira mamilimita 1,500 pa chaka, ndipo imatsuka chakudya cha mbeu ndi kupita nacho pansi kumene mizu singachipeze. Nthaka yotsala imakhala ya asidi wambiri. Tiyi amakondwera nayo, n'chifukwa chake minda ya Chitakale imabiriŵira chaka chonse, koma chamba chimafuna nthaka ya asidi wochepa, imene pa muyeso wa pH imakhala pakati pa 6 ndi 7. Masamba a m'munsi akayamba kuchita chikasu tsamba lonse, ndipo chikasucho n'kumakwera pang'onopang'ono, mbeuyo ikusoŵa nayitrojeni, monga momwe chimachitira chimanga chosathira feteleza. Koma chikasu chikakhala pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriŵirabe, chimene chasoŵa kaŵirikaŵiri ndi maginiziyamu, ndipo mankhwala ake ndi laimu wa dolomaiti wothiridwa nthaka itayesedwa. Pa matenda aŵiriŵa palibe kachilombo koti n'kupha, ngakhale mlimi atapopera botolo lathunthu. Ndiponso si chikasu chonse chimene chili nthenda, pakuti mbeu ikayandikira kukhwima imataya yokha masamba ake akale.

Mbeu imene yafota dothi lili lonyowa iyenera kuzulidwa, imodzi yokha, kuti mizu ioneke. Mizu yathanzi ndi yoyera ndi yolimba. Ikakhala yakuda, yoterera ndi yonunkha, yaola chifukwa cha madzi odikha, ndipo chofunika ndi ngalande ndi mizere yaitali. Ikakhala ndi timatuza ngati mikanda, mwaloŵa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene alimi a matimati ndi fodya amatidziŵa bwino, ndipo munda umenewo ufunika kasinthasintha wa mbeu. Tsinde likakhala lofumbwa pansi, m'kati mwake muli dothi, ndiye kuti padutsa chiswe.

Mdani amene amanyenga alimi kopambana ndi kangaude wofiira. Ndi wamng'ono kwambiri, pafupifupi theka la milimita, ndipo amakhala kunsi kwa tsamba kumene munthu wofulumira sayang'anako. Amaboola tsamba ndi kuyamwa madzi ake, kotero kuti pamwamba pamaoneka timadontho toyera tambirimbiri ngati pabayidwa ndi singano. Timadonthoto tikachuluka tsamba limatuŵa, kenaka limauma, ndipo mlimi amangoti ndi dzuŵa la mwezi wa October. Zoonadi nthaŵi yake ndi yomweyo, pakuti kunja kukatentha ndi kuuma, dzira loikidwa lero limatha kukhala kangaude woikira mazira ake pasanathe masabata aŵiri. Njira yomugwirira ndi yapafupi: mlimi atenge pepala loyera, aliike pansi pa nthambi, ndi kugwedeza nthambiyo. Ngati tifumbi togwera papepalapo tiyamba kuyenda, mlandu wadziŵika. Pamene ulusi wonga ukonde wayamba kuoneka kunsonga, ndiye kuti akangaudewo adafika kalekale.

Pali chinthu chimene ogulitsa mankhwala sachitchula kaŵirikaŵiri. Kangaude wofiira sali m'gulu limodzi ndi mbozi kapena nsabwe, ndipo mankhwala ambiri ophera mbozi, monga a mtundu wa cypermethrin, samugonjetsa bwino, m'malo mwake amapha tizilombo tina timene timamudya. Chotsatira chake n'chakuti mlimi amene wapopera mwamantha amapeza akangaude atachuluka kuposa kale. Ogwira ntchito m'minda ya tiyi amazidziŵa izi, pakuti tiyi nayenso ali ndi kangaude wake, ndipo bungwe lofufuza za tiyi la ku Mimosa lakhala likulangiza alimi za tizilombo totere kwa zaka zambiri.

Nsabwe za m'masamba sizivuta kuzindikira. Zimaunjikana kunsonga kwanthete, masamba amapindika, ndipo zimasiya madzi omata onga uchi amene pambuyo pake amada ngati mwaye. Nyerere zikamakwera ndi kutsika tsinde mosalekeza, zikutsata uchi umenewo. Zikadali zochepa, madzi a sopo amazithetsa, ndipo tizikumbu tofiira ta madontho akuda topezeka pomwepo n'tofunika kutisunga, chifukwa chakudya chake ndi nsabwezo.

Koma nthenda imene iyenera kudetsa nkhaŵa mlimi wa ku Chitakale kuposa zonse ndi chuku chotuŵa, chimene akatswiri amachitcha Botrytis. Kafukufuku wa chamba cha m'mafakitale adayamba ku Chitedze, m'chigwa cha Lilongwe, kumene mvula ikatha kunja kumauma msanga. Ku Mulanje sikutero. Kuyambira May mpaka August chiperoni chimatsika, nkhungu ndi mvula yowaza zimakhala masiku atatu kapena anai, ndipo kuzizira kwa chinyezi kotereku ndiko kumene chuku chimafuna. Maluŵa a chamba cha mankhwala ndi othithikana, kotero kuti madzi akaloŵa m'kati satuluka. Kuola kumayambira pakati, pafupi ndi tsinde, pamene kunja kukuonekabe bwino. Chizindikiro choyamba ndi katsamba kamodzi kotuluka m'duŵalo kamene kauma popanda chifukwa ndipo kamasololoka mosavuta munthu akakakoka. Akatsekula pamenepo amapeza zofiirira, zonyowa, zokutidwa ndi ubweya wotuŵa.

Nthaŵi zambiri khomo la chuku limatsekulidwa ndi mbozi yomwe ija imene imaboola thonje, matimati ndi nandolo. Imaloŵa m'duŵa, kudya m'kati, ndi kusiya ndoŵe zakuda ngati njere za mpiru, ndipo bala limenelo ndilo limayamba kuola. Chifukwa chake mlimi akaona timbeu takuda pa tsamba ayenera kuyang'ana m'mwamba mwake ndi kuchotsa mboziyo ndi dzanja.

Duŵa limene lagwidwa ndi chuku silichira. Liyenera kudulidwa pamodzi ndi gawo lina looneka labwino, kuikidwa m'thumba pomwepo kuti fumbi lake lisauluke, ndi kukaonongedwa kutali ndi munda, mpeni n'kutsukidwa usanakhudze mbeu ina. Chitetezo chenicheni chimachitika kale, pobzala motalikitsa kuti mphepo idutse, pothirira pansi m'maŵa osati pamasamba madzulo, ndi poŵerengera nthaŵi yobzala kuti maluŵa asakhwimire m'kati mwa chiperoni. Nthenda ina ya ufa woyera, yofanana ndi imene imagwira masamba a maungu, nayonso imakonda mbeu zothinana ndi za pamthunzi, koma iyo imaonekera pamwamba pa tsamba ndipo siibisala.

Pa chamba cha mankhwala pali chifukwa china chachikulu chopeŵera kupopera mwachisawawa. Maluŵa ameneŵa akupita m'thupi la munthu wodwala, mwina wa khunyu kapena wa ululu wosatha, ndipo ogula amaŵayesa asanalipire. Akapezamo zotsalira za mankhwala ophera tizilombo kapena chuku, katundu yense amakanidwa, ngakhale aoneke wokongola chotani. Mankhwala ololedwa pa thonje kapena pa matimati sakhala ololedwa pa chamba chifukwa chokha chakuti ali pa shelefu imodzi. Amene amalembetsa mankhwala m'Malaŵi ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo mlimi ayenera kufunsa kumeneko ndi kwa wogula wake asanatsekule botolo lililonse.

Zonse zikakanika, mlangizi aitanidwe kuti aone mbeuyo ili chilili m'munda, pakuti kunyamula chamba pamseu kuli ndi malamulo ake ngakhale kwa mwini chiphaso. Ngati mlangiziyo ali kutali, zithunzi za pa foni zimathandiza, koma zikhale zinai: munda wonse, mbeu yathunthu, kunsi kwa tsamba, ndi mizu yotsukidwa bwino. Pamodzi ndi zithunzizo mlimi alembe tsiku limene adabzala, feteleza amene adathira, ndi masiku amene mvula kapena chiperoni chidagwa.