KUTSIKA NDEGE KU LONDON

Anthu ambiri ayesa kuti ndege ikatera pa bwalo la Heathrow, ulendo watha. Iai ndithu, pamenepo mpamene payambira mabvuto. Kucokera mu 2013, pamene British Airways inaleka kubwera ku Lusaka, apaulendo ambiri a ku Zambia amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Dubai, nasintha ndege kumeneko. Cotero munthu afika ku London atacezera usiku wonse pa mpando, miyendo itatupa, maso ali psuu.

Atatsika, ayenda m'makonde atali-atali kufikira pa cipata ca Border Force, alonda a malire a dzikolo. Eni dziko, pamodzi ndi a ku America ndi a maiko ena owerengeka, angoonetsa pasipoti ku makina, napita. Mwini pasipoti ya Zambia aima pa mzere wina, ndipo ngati ndege zatera zambiri nthawi imodzi, adikira kufikira msana kuwawa.

Apa pali cinthu cimene ambiri sacidziwa. Viza ija munthu anailipira ndalama zambiri ingomfikitsa pa khomo cabe. Wotsegula khomolo ndiye mlonda wokhala pa thebulo, ndipo ali nayo mphamvu ya kumbweza munthu kumene wacokera. Mafunso ace ngofatsa. Mwadzatani? Mukakhala kwa yani? Mubwerera liti? Mayankhowo awalinganiza ndi zimene munthuyo analemba popempha viza. Mai wodzaona mdzukulu wace, amene analemba milungu itatu, akanena pa cipata kuti akhala miyezi isanu, wadziutsira mlandu. Koma mau oopsa koposa onse ndi akuti nchito. Mlendo saloledwa kugwira nchito, ngakhale yopanda malipiro m'sitolo ya mbale wace. Tsono mnyamata wonena mwaulemu kuti adzathandizako mlamu wace kugulitsa, wadzitsekera yekha khomo, cinkana kwao mau amenewo ndiwo cizindikiro ca mwana woleredwa bwino. Keyala ya kumene akagona ndi tikiti yobwerera ziyenera kukhala m'thumba la malaya, popeza sutikesi aipeza atapyola kale cipata.

Sutikesiyo nayo nthawi zina itsala kumene anasinthira ndege. Mwini wace asaturuke asanalembetse dandaulo lace. Pangano la maiko la ku Montreal la 1999 liti katundu akapanda kufika masiku 21 atatha, eni ndege ayenera kulipira.

Kotsiriza kuli makomo awiri, lobiriwira ndi lofiira, ndipo apa mpamene kamba wa kumudzi aweruzidwa. Kapenta ndi nsomba zina zouma ziloledwa kufikira makilogalamu 20. Uci uloledwa makilogalamu 2, cimodzi-modzinso mphalabungu, zija a ku Migodi ati finkubala. Koma nyama iri yonse, ngakhale youma gwa, ndi mkaka womwe, alanda naononga. Munthu angayese nkhanza, koma dzikolo silinaiwale nthenda ya zironda za m'kamwa ndi m'ziboda imene inaphetsa ziweto mamiliyoni mu 2001. Wokaika alowe khomo lofiira, nafunse.

Panja napo pali zace. Mabasi a mu London analeka kulandira ndalama za m'manja mu 2014, afuna khadi. Mwezi wa December dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane, ndipo sweta ija inakwanira cisanu ca June ku Kitwe ingokhala ngati kansaru kopyapyala.