Masalimo a Bernstein pa Chimbale

Omvera athu m'maboma onse, usiku uno tikambe za chimbale cha Chichester Psalms, nyimbo imene Leonard Bernstein wa ku America anapeka m'chaka cha 1965. Chaka chomwecho anaijambulitsa mwini wake, akutsogolera gulu la New York Philharmonic ndi kwaya ya Camerata Singers. Mawu ake ndi Masalimo a m'Chihebri.

Tcherani khutu pa gawo lachiŵiri. Kamnyamata kayamba Salimo 23 mwachifatse, zeze akukaperekeza. Mwadzidzidzi amuna aloŵerera ndi Salimo 2, lonena za chiwawa cha mitundu. Bata libwerera, koma mkokomo uja sutheratu.

M'gawo loyamba malipenga ndi ng'oma nthaŵi zina zimiza mawu a oimba. Komabe chimbalechi n'chofunika kuchimva, makamaka inu otsogolera makwaya, pakuti chiphunzitsa kuti kuimba motsitsa kufuna luso loposa kukuwa.